Cheke Nambala 412

Mwezi watha dzulo.
Ku Dundee mdima umagwa isanakwane folo koloko,
ndipo mvula ikugogoda pa zenera la ofesi yathu
ngati munthu wodzalonjerera ngongole.

Makasitomala khumi ndi asanu ndi anayi
akundidikira m'kompyuta,
aliyense ndi mizere yake iwiri:
kumanzere zimene banki yanena,
kumanja zimene mwini wake analemba.
Ntchito yanga n'kufufuza ngati akugwirizanadi
kapena angopatsana chanza pamaso pa anthu.

Pulogalamuyi imakonda mtendere.
Ikaona mapaundi makumi atatu uku, makumi atatu uko,
imawakwatitsa osafunsa kwawo,
n'kuikapo kachizindikiro kobiriwira.
Kobiriwirako ine sindikakhulupirira.
Ndinaonapo lendi ya galaja
itakwatitsidwa ndi malipiro a mnyamata wotsuka mbale
chabe chifukwa ankalingana msinkhu.

Struan, amene wangoyamba ntchito chaka chino,
wandisiyira fayilo ya mayi Petrie ophika buledi
itatsekedwa bwinobwino. Kusiyana: ziro.
Ndasuzumira pansi pake,
ndapeza mapaundi 45 atakankhidwira
ku akaunti ija ya tidzaona-mawa.
Ndamuitana. Tagawa ndi naini, ndatero.
Yagawika ndendende.
Ndiye kuti manambala awiri asinthana mipando.
Tatsika ndi chala, mzere ndi mzere,
mpaka pa ufa wa pa 14:
banki ikuti 172,
dzanja la munthu wodzuka usiku kukayatsa uvuni
linalemba 127.
Makutu a Struan afiira.
Sindinamuuze kuti inenso ndili wamng'ono
ndinabisapo mapeni asanu ndi atatu
ndipo anandilondola mpaka m'maloto.

Seveni koloko. Khofi wazizira kawiri.
Yatsala fayilo imodzi:
bambo Cruickshank, okonza mapaipi a madzi ku Lochee.
Mabuku awo ndi oyera ngati a munthu woopa boma.
Dizilo, zitsulo, inshuwalansi, zonse zakumana ndi anzawo,
kupatula mzere umodzi womwe ndimaudziwa nkhope:
cheke nambala 412, mapaundi mazana asanu,
cholembedwa mu Meyi,
dzina lake Ishbel Cruickshank.
Juni sichinafike ku banki.
Julaye sichinafike.
Mwezi uliwonse ndimachinyamula
kuchiwolotsera tsidya la mwezi winawo,
chili chiimire pa mndandanda wa zosabwera
ngati munthu pa siteji ya basi yomwe inasiya kudutsa.

Lamulo lathu ndi lalifupi:
ikakwana miyezi isanu ndi umodzi, chifafanize,
ndalamazo zibwerere m'buku.
Lero yakwana.

Ndawaimbira foni.
Kumbuyo kwawo ndikumva wailesi ndi madzi akudontha.
Ndafotokoza monga amafotokozera akauntanti,
kuti cheke chimakalamba, kuti banki ingathe kuchikana,
kuti mwina chinatayika ku positi.
Sichinatayike, atero. Chinafika.
Ndi mwana wanga. Ali ku Leith.
Kenako chete,
madzi aja okha, tho, tho.
Chisiyeni pomwepo, atero. Chikuwononga chiyani?

Sichikuwononga kanthu.
Chimangochititsa kuti banki izinena
kuti ali ndi mapaundi mazana asanu
amene iwo mumtima anapereka kale.

Pa sikirini pali kabokosi ka ndemanga,
kamalola zilembo zochepa.
Ndalemba: Mwini wake wapempha chikhalebe.
Tidzaonenso Disembala.
Ndasaina ndi zilembo ziwiri za dzina langa.
Pulogalamu yandifunsa ngati ndatsimikiza,
ndavomera,
ndipo kobiriwira kaja kayaka pamwamba pa tsamba
ngati zonse zili bwino.

Struan waiwala sikafu yake pa mpando.
Ndazimitsa magetsi, ndatsika masitepe.
Pa basi ndatulutsa foni
ndi kupeza nambala ya mchemwali wanga,
amene uthenga wake wa mu Ogasiti
sindinauyankhebe.